Tsiku limene Nalungwe analakatula atagwada

Zaka zimenezo, matipate atangobwera kumene ndipo msewu wa ku Karonga usanalawe phula, ine Simfukwe, amene lero ndikuyenda ndi ndodoyu, ndinali mtsogoleri wa gulu la alakatuli kuno ku Kaseye. Usaseke, Lusekelo, mano onse analimo m'kamwa muno, ndipo ndikatsegula pakamwa wa kumapeto kwa bwalo ankamva. Mwandiitana kuti ndimve ndakatulo imene mukupita nayo ku mpikisano Loweruka, ndipo ndaimva, ndi yabwino ndithu. Koma bwezerani kaye mafoniwo m'thumba, musendere kuno kumthunzi, ndikuuzeni zimene ndinamulakwira munthu wina chifukwa chofuna chikho.

Inu masiku ano mumalemba pafoni, mumajambulana, wina akaphonya mumafufuta n'kuyambiranso, ndipo kumbuyo kwanu kumalira nyimbo ya m'sipika. Ife zimenezo tinalibe. Mpikisano unkachitika kamodzi pachaka tikatha kukolola, mu holo ina pa Boma paja, ndipo dera lililonse linkatumiza gulu limodzi la anthu osapitirira asanu ndi mmodzi. Malamulo anali ochepa koma ouma: pepala m'manja ayi, ng'oma ayi, mphindi zisanu zokha, ndipo wolakatula aime chilili, nkhope yake iyang'ane anthu. Mphunzitsi wina ankakhala pambali ndi wotchi komanso khasu lakutha, nthawi ikakwana ankalimenya ndi msomali, basi mwatha, ngakhale mawu akadali pakamwa. Ndakatulo inkayenera kukhala ya m'Chichewa poti oweruza ankakhala anthu obwera, kaya wapolisi, kaya wa kasitomu wa kumalire, kaya mayi wa ku ofesi ya zamaphunziro, anthu a kumwera amene Chilambya chathu kwa iwo chinali phokoso chabe.

Amene ankatisowetsa mtendere anali a ku Lufita. Anthu aja poti amakhala pafupi ndi Boma, Chichewa ankachilankhula ngati a pa wailesi, ndipo ife tikangokwera pansanja iwo ankayamba kutsinana n'kumaseka, akuti Chichewa chathu chikununkha Chilambya. Zaka zitatu zotsatizana chikho chinapita kwawo, ndipo ine ndinkabwerako mtima ukuwawa mpaka akazi anga kundifunsa ngati kuli maliro. Ndinali munthu wosafuna kugonja, ndipo khalidwe limenelo ndi limene linandipusitsa.

Ndakatulo ife sitinkalemba, tinkaiumba pakamwa. Tinkasonkhana masana pakhomo pa mmodzi wa ife n'kumamutonolera chimanga, manja ali pachitsononkho, wina n'kuponya mzere, enafe n'kuuyankha. Ukapanda kukoma unkafera pomwepo, koma ukakoma tinkaubwereza mpaka utakhazikika m'mutu. Mmodzi ankatsogolera, enafe tinkavomera pambuyo pake monga amachitira a kwaya. Chimene tinkasowa chinali wotsogolera weniweni, poti mawu anga anali aakulu inde, koma sankamugwira munthu mtima.

Tsiku lina tili pakhomo pa Nakaonga, mayi wa m'gulu lathu, panabwera mnzake kudzabwereka lichero. Anali Nalungwe, mayi wachete, wa ana atatu, wokwatiwa kwa a Kayange kutsidya kwa dambo. Anaima pang'ono kumvetsera, kenaka anati motsitsa mawu, "A Simfukwe, mzere umenewo mukuuthamangitsa, upatseni mpata upume." Ine monyoza ndinati aunene yekha tione. Anaika lichero pansi n'kuunena, ndipo ndikuuzani, tonse tinasiya kutonola. Mawu ake sanali okwera, koma ankalowa m'chifuwa, moti Nakaonga anapukuta misozi pa mzere umene tinali titaunena kakhumi popanda wina kumva kanthu.

Tsono mumvetse m'mene Nalungwe ankakhalira. Mwamuna wake Yotamu anapita ku Tunduma, kutsidya kwa malire, ndi nyemba pa njinga, akuti akagulitse abwere, ndipo zaka zinayi zinatha osaoneka, kunangobwera mbiri yoti anakwatira komweko. Iye anatsala pamudzi pa apongozi ake, akulima, akudyetsa ana ndi okalamba omwe. Kubwerera kwa makolo ake sakanatha, poti ng'ombe za malowolo zinapita kale, ndipo mwa mwambo wathu ana ndi a kuchimuna, mkazi akachoka amachoka yekha. Ndiye panalinso mwambo wina umene inu mwangoumva m'mphepo. Kalelo mkazi sankaonana maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna. Akawaona akubwera panjira ankapatukira kutchire, akalephera ankagwada n'kudziphimba ndi chitenje, kuima chilili pamaso pawo kapena kukweza mawu iwo ali pomwepo chinali chipongwe chachikulu. Lero ndimaona atsikana akukwera njinga yamoto imodzi ndi apongozi awo, ndipo sindikuti n'kulakwa, ndikungoti nthawi imeneyo sizinali choncho.

Tinamunyengerera milungu iwiri kuti alowe m'gulu, ndipo atalola, ndakatulo ya chaka chimenecho inachokera mwa iye. Inkayamba motere:

Inapita njinga itasenza nyemba,
inati ndibwera mvula isanagwe.
Mvula yagwa kanayi,
amene anali kumsana lero akutunga madzi.

Ife pambuyo tinkavomera kuti, "Tikudikira, tikudikira." Inkapita choncho, kutchula amayi a m'midzi yathu amene amuna awo anamezedwa ndi malire, koma chakumapeto kunali mizere imene inali ngati tsabola:

Inu amene munabala amunawa,
mukamadya za m'nkhokwe,
munafunsapo kuti analima ndani?

Titafika pamenepo tsiku loyamba, Nalungwe anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mizere iyi ndingainene pa Boma pokha, kumene kulibe a kwathu. Apongozi anga akaimva, ine pamudzi paja ndatha, ndipo ana anga atsala." Ine ndinati asadandaule, mkulu Kayange, apongozi akewo, ndi mwendo wake wodwala uja sangapalase njinga mpaka pa Boma, ndipo ndinalonjeza pamaso pa onse kuti ndikaona munthu aliyense wa kwa Kayange ndidzamutsina khutu. Anavomera chifukwa cha lonjezo limenelo.

Tsiku la mpikisano tinanyamuka m'mamawa, mphepo ija ya mwezi wa chisanu ikutilasa m'makutu, amayi atakhala pa kaliyala, ndipo tinafika pa Boma fumbi lili m'nsidze. Magulu onse anatisunga m'kachipinda ka kumbuyo kwa holo, aliyense akudikira kuitanidwa. A ku Nthalire anafika mochedwa galimoto itawafera panjira, a ku Lufita anabwera atavala malaya ofanana, ndipo ife tinali ndi zovala zathu za kutchalitchi basi. Kutatsala magulu awiri kuti tilowe, ndinatuluka kukafuna madzi akumwa, ndipo pamtengo wa kutsogolo ndinaona munthu akutsamiritsa njinga. Anali mkulu Kayange, atavala jekete lake lakuda ndi chipewa, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

Anandiona, n'kundikodola. Ndinapita, ndinawagwira dzanja ndi manja awiri, ndinati, "Mwaghona, atata." Anayankha moni, kenaka anati, "Ndamva kuti ana a ku Kaseye akulankhula lero, ndiye ndati ndibwere ndidzamve nawo." Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akudikira kuti ndinene kanthu, koma ine ndinangoti yewo, mwachita bwino, n'kubwerera. Ndikucheuka ndinaona wolandira alendo akuwagwira mkono, poti anali munthu wamkulu, n'kukawakhazika pa mzere wachiwiri, kumbuyo kwenikweni kwa oweruza.

Kuchokera pamtengo paja kufika kukachipinda ndi mapazi owerengeka, koma ine ndinaganiza zambiri. Ndinati ndikamuuza akana, ndipo popanda iye tingobwerera. Ndinati m'holo muja ndi mwamdima, mazenera ndi aang'ono, komanso ndinamuphunzitsa ndekha kuti polakatula aziponya maso kukhoma la kumbuyo, pamwamba pa mitu ya anthu, ndiye sawaona. Ndinati mkuluyo Chichewa amachimva mwa apo ndi apo. Mukuona, ana inu, munthu ukafuna chinthu, zifukwa zimabwera zokha, ndipo zonse zimaoneka zanzeru. Nditalowa, Nalungwe anandifunsa kuti, "Kuli bwanji kunjako, a Simfukwe?" Ine ndinati, "Kwadzaza, koma ndi anthu a pa Boma okhaokha." Ndinanama ndikumuyang'ana m'maso.

Atatiitana tinakwera pansanja, iye kutsogolo, ife asanu pambuyo pake. A ku Lufita anayamba kutsinana monga mwa masiku onse, koma Nalungwe atangotsegula pakamwa kuseka kunatha. Holo yonse inangoti zii, ndipo tikavomera kuti tikudikira, amayi ena m'mipando ankavomera nafe osadziwa. Ndinaona mayi wa ku ofesi ya zamaphunziro ataika cholembera pansi, ndipo mumtima ndinati chikho chija lero chikwera njinga ya ku Kaseye. Tinali titadutsa theka pamene mayi wina wa kutsogolo analephera kudzigwira n'kuimba nthungululu. Nalungwe anatsitsa maso kuti aone amene waluluta, ndipo maso ake anagwera pa mzere wachiwiri.

Mawu anaduka pakati pa mzere. Anagwada pomwepo pansanja, anatembenukira kukhoma, n'kukokera chitenje kumutu. Ife tinavomera kuti tikudikira kamodzi, kawiri, kachitatu, kenaka tinasowa chonena. Wapolisi amene anali pakati pa oweruza anayamba kuomba m'manja, poganiza kuti ndi m'mene tinakonzera, koma ataona kuti akuomba yekha analeka. Anthu a kuno onse anadziwa chimene chachitika, ndipo mitu inatembenukira kwa mkulu Kayange. Mphunzitsi wa khasu uja anali akuyang'ana wotchi yake.

Mkuluyo anadzuka pang'onopang'ono, anatola chipewa, n'kuyamba kuyenda pakati pa mipando akukoka mwendo wake uja, anthu akumupatsa njira. Atafika pakhomo anauza wolandira alendo, mokweza kuti tonse timve, kuti, "Auzeni apitirize, ine ndili panja." Sanapite kutali. Anakakhala pansi pafumbi, kunsi kwa zenera, msana atatsamira khoma, ndipo kuchokera pansanja chipewa chake chinkaoneka nsonga yokha.

Ndinanong'oneza kuti, "Imirirani, atuluka." Sanaimirire. Anavundukula kumutu kokha, ali chigwadire, nkhope ili kukhoma, n'kuyambira pamene anasiyira. Anadziwa bwino lomwe kuti apongozi ake ali pazenera ndipo akumva, ndiye ine, amene ndinamufikitsa pamenepo, mantha anandigwira, ndinanong'onezanso kuti, "Mizere ya kumapeto ija dumphani." Kaya anandimva kaya sanandimve, sindinamufunsepo. Anainena yonse, mokweza kuposa m'mene ankainenera pakhomo pa Nakaonga, ndipo khasu linalira asanamalize, koma iye anamaliza. Palibe amene anaomba m'manja msanga, ndipo amayi ambiri anali atagwira zitenje kumaso.

Chikho chinapitanso ku Lufita. Oweruza anati ndakatulo yathu inaposa zonse, koma wolakatula anagwada, anafulatira anthu, ndipo tinapitirira nthawi, malamulo atatu pa kamodzi. Wapolisi uja atamufotokozera pambuyo pake anagwira pakamwa, anati kwawo amene amathawa apongozi ndi mkamwini, za mkazi kugwadira khoma sanazionepo. Sindinawakwiyire, anaweruza zimene anaziona. Pobwerera Nalungwe anakana kukwera njinga yanga, anakwera ya mwamuna wa Nakaonga, ndipo njira yonse sanandilankhule.

Mbiri inafika kumudzi ife tisanafike. Pofika mawa lake nkhani inali ponseponse, pachitsime, pachigayo, kuti mkazi wa Yotamu watukwana apongozi ake pamaso pa Boma lonse. Azilamu ake anapsa mtima, anati achoke, apite kwawo kwa a Silungwe, ana atsale. Nakaonga anandiuza kuti Nalungwe wamanga kale katundu wake m'chitenje ndipo sakudya, akungowayang'ana ana. Masiku atatu otsatira ine sindinapite kumunda, ndinkangozungulira nyumba, manyazi ndi mantha zitandigwira pamodzi.

Lamulungu masana titatuluka m'tchalitchi, mkulu Kayange anaitanitsa abale ake onse, ndipo anatuma munthu kuti nanenso ndipite. Tinakhala pabwalo pake, amuna pamipando, amayi pamphasa, koma Nalungwe anakhala kuseri kwa nkhokwe monga mwa mwambo, apongozi ake aakazi ali pakati kuti azinyamula mawu. Azilamu analankhula ukali wawo wonse, mkuluyo akungomvetsera. Atatha, iye anati, "Mwanayu wakhala pakhomo pano zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mawu ake ine sindinawamvepo. Anthu ankandiuza kuti mpongozi wanu ali ndi mawu, ndiye ndinapalasa njinga kuti ndikabisale m'chigulu cha anthu ndimumve. Anandikhazika kutsogolo, ndipo kukana ndinachita manyazi. Tsono iye anafunsa funso. Ndani mwa inu aliyankhe?"

Aliyense anangoyang'ana pansi, poti onse ankadziwa kuti nkhokwe imene Nalungwe anabisalako anaidzaza ndi iye yemwe. Mkuluyo anati, "Analima ndi iyeyo, ndipo ine ndinkadya osafunsa. Munda wa kudambo kuyambira lero ndi wake ndi ana ake, ndipo amene akufuna kumuthamangitsa ayambe wakatenga Yotamu ku Tunduma adzalime." Apongozi aakazi anadzuka kukapereka mawuwo kuseri kwa nkhokwe, ngakhale tonse tinkadziwa kuti wamva kale, ndipo anabwerako ndi liwu limodzi lokha, lakuti ndagha, kuthokoza kwa kwathu kuno.

Ine mtima unayamba kutsika, ndinati basi zatha. Koma mkuluyo anatembenukira kwa ine, anati, "Iwe Simfukwe, unandiona pamtengo paja. Unakamuuza?" Ndinati ayi, atata. Anagwedeza mutu, sanakalipe, anangoti, "Ndinakukodola dala. Ndinkati ukamuuza, ndipo ngati sakufuna udzandiuze ndibwerere." Ndikukuuzani, kukanakhala bwino akanandimenya ndi ndodo. Munthu wokalamba, wa mwambo wakale, amene ine ndinkamuona ngati chopinga, anamuganizira Nalungwe kuposa ine amene ndinkadzitcha mtsogoleri wake.

Patapita masiku ndinamupeza kumunda kuja akuzula mapesi, ndinaima m'malire n'kupepesa. Koma pakamwa panga panandipusitsanso, ndinawonjezera kuti chikhalirecho zatha bwino. Anasiya mapesi, anandiyang'ana, n'kunena mosakweza mawu kuti, "Zatha bwino chifukwa cha iwo, a Simfukwe, osati chifukwa cha inu. Mukanandiuza mwina ndikanakana, mwina ndikanalowabe, sindidziwa. Koma wosankha ndikanakhala ine, poti ana amene akanatsala opanda mayi ndi anga." Atatero anawerama n'kupitiriza ntchito yake. M'gulu lathu sanabwererenso, ngakhale Nakaonga anamupempha kangapo.

Chikho tinadzachitenga patapita zaka ziwiri, ndi ndakatulo ya za nkhalango imene lero sindikumbukira ngakhale mzere umodzi. Chili kwathu mpaka pano, akazi anga amasungiramo mbewu ya nyemba, ndipo ndikachiona sindimva kukoma kulikonse.

Tsono ndakatulo yanuyi ikudzudzula abambo amene amathera masiku ku mowa, ndipo ndi zoona zokhazokha, musachotsemo kanthu chifukwa cha ine. Koma amene mwamuika kutsogolo ndi Tusekile uyu, ndipo bambo ake tonse tikuwadziwa. Inu enanu mukatha kulakatula mudzapita kwanu kukagona bwino, iye ndi amene adzakalowe m'nyumba imene mawuwo akunena. Komanso masiku ano mukajambula, si holo yokha imene imamva, mawa lake zili m'foni ya aliyense. Iwe Lusekelo, poti ndiwe mtsogoleri, khala naye pansi umuuze zonse m'mene zilili, amene adzakhalepo, amene adzaonere, ndipo umusiye ayankhe yekha osamukankha. Akati inde, muime naye mpaka kunyumba, osati pansanja pokha. Akati ayi, pitani ndi ina, ngakhale mubwereko chimanjamanja.

Nalungwe alipo, wakalamba ngati ine, ana ake anakula pa munda womwe uja. Timakumana pachigayo, amandipatsa moni bwinobwino, amandifunsa za mwendo, nane ndimafunsa za zidzukulu. Koma kuyambira tsiku lija mpaka lero, sindinamumvenso akulakatula.